Buku la Miyezo

Ndasoka pakhonde lino la pa Chinseu
zaka makumi awiri ndi zinayi,
ndipo buku langa la miyezo silinama.
Tsamba la bambo Chikaonda: chiuno, mainchesi 32,
chaka chimene analowa ntchito kubanki.
Lero 46.
Buluku lomwe lija ndalimasula kumbuyo kanayi,
nsalu yopinda yatha, watsala ulusi wokha ukulira.
Mayi Nasawa a kwaya ndawawonjezera kansalu m'khwapa,
ati diresi labwerera pochapa.
Ndinangoti eya mayi, nsalu za masiku ano.

Tsamba langa mulibe.
Telala sadziyeza.

Mwandida, mwana wa mlongo wanga,
uja akuphunzira udokotala,
anabwera Loweruka kudzafupikitsa gauni lake loyera.
Anandipeza ndi pepala la tchipisi pamakina,
mafuta atalemba mapu panyuzi.
Sanakalipe. Anandisimbira za makoswe.

Ati kunjako anthu a kafukufuku
anazoloweza makoswe madzi a shuga,
kenaka n'kuwamana.
Makoswe aja njenjenje, mano gwedegwede,
ngati chidakwa chimene kwachera chisanalawe.
Ena, ozolowera zonona,
ankadyabe ngakhale akudziwa kuti magetsi awagwira kumapazi.
Ati pali makina ojambula ubongo:
kamalo kamene kamayaka pa kachasu ndi pa fodya
kamayakanso ukaona botolo lozizira likutuluka thukuta.
Ukakayatsa tsiku ndi tsiku kamazilala,
ndiye umasowa mbale ziwiri
kuti umve kukoma kwa mbale imodzi ya kale.

Ndinafunsa: ndiye kuti ndine khoswe?
Anaseka. Ati ophunzirawo nawo sanamvane.
Ena akuti khoswe si munthu.
Ena akuti si wonenepa aliyense ali ndi chibaba,
alipo owonda ngati singano amene chawagwira pakhosi.
Umboni ulipo, malume, koma mlandu sunagamulidwe.

Ine mboni yanga ndi teni koloko.
Mphepo ikatsika m'phiri la Ndirande
n'kudzera pachiwaya cha Bwanali,
phazi limachoka lokha pachopondera.
Njala ndilibe. Tiyi ndamwa, mbatata ndadya.
Koma malovu adzadza, ulusi ukukana kulowa m'singano,
ndipo ndimadzipeza nditaima mu utsi
ndikuti onjezako mchere, ika ndi ka chiwindi.
Dzulo ndinalumbira. Dzana ndinalumbiranso.

Mwandida sanazione zaka zija
pamene kuwonda kunali chiweruzo,
anthu akunong'onezana kuseri kwa mipanda.
Likisho, mng'ono wanga, ndinamubwezera suti kawiri
tisanamuike nayo m'manda.
Tsono mimba yanga itayamba kutsogola
anthu anaomba m'manja:
zikukuyenderanitu, alamu akukusamalani.
Ndani akanatsutsa mdalitso wotere?
Ndinadya kuti andione kuti ndili moyo.

Lachiwiri lapitali ku Gulupu
namwino anandibaya chala, nayang'ana kamakina,
nayang'ana ine, nalemba osayankhula.
Mawondo anali atandiuza kale pamasitepe.

Fodya ndinamusiya tsiku limodzi.
Ndinaponya paketi mu Nasolo, madzi ananyamula,
sitinaonanenso.
Koma uyu ndimutaya mu mtsinje uti,
mdani wokumana naye katatu pa tsiku,
wondidikira pamaliro, paukwati, pasiteji ya minibasi,
wotchipa kuposa papaya?

M'mawa uno ndatsegula tsamba latsopano.
Ndalemba dzina langa ngati la kasitomala wachilendo,
ndazunguliza tepi, osakoka mpweya,
osabera ngakhale theka la inchesi.
Nambalayo ndailemba ndi pensulo.

Tsopano ili teni koloko.
Bwanali akugogoda chiwaya ndi chipande:
atelala, zapsatu kuno!
Ndaluma ulusi, phazi ndalikanikiza pachitsulo,
ndikusoka mpendero wa yunifolomu ya mwana wa eni.
Ukatha mpenderowu
sindikudziwa.