Mabokosi Awiri

Lusekelo, mnyamata wa makompyuta uja,
anabwera Lachiwiri, fumbi la ku Kanengo lili mbuu pa nsapato,
nandionetsa mabokosi awiri pa sikirini.
"La pamwambali ndi dzina lotuluka panja,
limapita pa foni ya wodwala.
La pansili ndi lathu, la m'nyumba muno.
Musadzawasinthanitse, mayi."
Anapempha ya basi, napita.

Chiyambire tsiku limenelo
aliyense wofuna tsiku pa chipatala chathu cha ku Chilinde
ndimamubatiza kawiri.

Pamwamba: kuonana ndi namwino.
Pansi: kudzatenga mankhwala otalikitsa moyo.
Pamwamba: kuyeza thupi.
Pansi: jakisoni wa kulera, wa miyezi itatu.
Pamwamba: kucheza ndi dokotala, theka la ola.
Pansi liwu limodzi lokha, nkhanza,
ndipo a Chimphepo akaliona amatsitsa katani,
nachotsa wotchi pa mkono.

Foni mu Lilongwe muno si ya munthu mmodzi.
Imagona pa tebulo,
imakatchajidwa kwa aneba magetsi akathima,
bambo amaitola, ati ndione nthawi,
mwana amasewerapo gemu,
wokhala naye mpando m'minibasi amasuzumira paphewa
galimoto zikathinana pa mlatho.
N'chifukwa chake uthenga wathu umatuluka
utamanga chitenje mpaka m'akakolo:
Mawa 9 koloko, kuyeza thupi. Zikomo.

Sindinkalitcha bodza.
Ngakhale ine, kwathu ku Mitundu ndine Nabanda,
pa baji ndine Mayi Kamphinda,
ndipo lina lija, limene ankandiitanira malemu amuna anga,
analowa nalo m'manda.

Ndiye Lachitatu lapitali, cha m'ma 3 koloko,
mzere utatha, tiyi atazizira m'kapu,
ndinatsegula ndandanda wa mawa.
Makinawa alibe mpanda:
amaonetsanso nthambi yathu ya ku 25.
Mzere wachisanu ndi chiwiri,
Mwaiwathu Kamphinda, zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.
Analembetsa yekha pa foni,
nasankha kutali, minibasi ziwiri kuchoka kunyumba,
kuti asadutse pa desiki ya mayi ake.

Pamwamba: kuyeza thupi.

Ndine ndinasoka chitenje chimenechi.
Ndikudziwa zinthu zinayi zimene zimabisala m'menemo,
ziwiri zopepuka,
ziwiri zimene zimandiuma nazo kukhosi.
Bokosi la pansi linali pomwepo,
kutsitsa diso pang'ono chabe,
mtunda wosakwana chala.

Ndinaika chikhatho pa sikirini.
Galasi linali lofunda ngati chipumi cha mwana wa malungo.
Panja wa kabaza ankakangana ndi munthu za chenji,
fani inkazungulira,
mlonda ankasesa masamba a mtangatanga pakhonde.
Ndi dzanja linalo ndinafufuza mausi,
ndinaphonya kawiri,
kachitatu tsamba linatsekeka.
Chikhatho chinasiya thukuta pa galasi.
Ndinapukuta ndi mpango.

Madzulo anali pa mkeka, akumasula mesh kumutu.
"Mawa ndilawira, amayi. Ndikukayeza thupi."
Ananena osandiyang'ana,
mawu anga omwe, monga ndinawalembera,
opanda litsiro, osita bwino.

Ndinati, "Ku 25 n'kutali."
Zala zake zinaima m'tsitsi.
Sananene kuti ndi ku 25.

Tinakhala choncho, wailesi ikulengeza maliro a anthu osawadziwa.
Kenako ndinatsegula kachikwama,
ndinawerenga ya minibasi zinayi,
ndinaonjezera ya chips,
ndinaika pa mkeka pakati pathu.

Sanatole msanga.

Lero Lachinayi. Ndandanda ndautsegula kasanu,
wa ku Chilinde wokha.
Mayi wina wa duku lobiriwira waima pa windo,
akufunsa motsitsa mawu
ngati uthengawo ukafike pa foni ya amuna awo.
Ukafika, mayi, ndikuwayankha,
koma ukafika utavala.