Masekondi Makumi Anayi ndi Awiri

Kuno ku Tromsø dzuwa lidatsanzika mu Novembala.
Palibe woloza kumwamba n'kunena kuti kwacha,
tonse timangokhulupirira mawotchi.

Pakati pa usiku foni yalira:
Torunn, tabwera kuchipatala msanga,
kaundula akuti namwino wabaya jekeseni
dokotala asanalembe mankhwala.

Ndatsikira m'chipinda chapansi
momwe maseva amang'ung'udza usana ndi usiku.
Ndawafunsa mmodzimmodzi: nthawi ili bwanji?
Wa kumawodi wanena zake,
wa kosungira mankhwala wanena zake,
asiyana ndi masekondi makumi anayi ndi awiri.

Iwe unamva kwa yani?
Kwa wa ku Oslo.
Nanga iwe?
Kwa mkulu wanga.
Mkulu wakoyo anamva kwa yani?

Mphekesera amailondola chomwechi, khomo ndi khomo,
mpaka ndafika pa kabokosi kotuwa ka pashelefu yapamwamba
kamene kamatchera khutu ku masetilaiti.
Kadagontha masabata asanu apitawo
osauza munthu,
n'kumangowerenga kugunda kwa mtima wake,
n'kumayankha molimba mtima ngati mboni yoona ndi maso.

Takwera padenga ndi Eilif, mlonda.
Iye wagwira tochi, mphepo ikucheka masaya.
Kamlongoti kavala chisoti cha madzi oundana.
Ndapala ndi khadi langa la kubanki
mpaka khadilo lathyoka pakona.

Titatsika, nyali yofiira yasanduka yobiriwira.
Kamva setilaiti imodzi, kenako zinayi, kenako zisanu ndi ziwiri.
Kazindikira kuti kadatsogola.

Eilif akuti, ingobwezani nthawiyo tikagone.
Ayi, bambo.
Ndikaibweza mwadzidzidzi, masekondi omwewo achitika kawiri,
ndipo m'kaundula wina alandira mankhwala kawiri,
kapenanso khanda la pa wodi yachitatu
libadwa, kenako likhala lisanabadwe.
Wothamanga sumukoka malaya.
Umamupempha afupikitse phazi,
pang'ono kwambiri pa sekondi iliyonse
kufikira anzake atamupeza.

Zitha liti?
Mawa nthawi ngati ino.

Tamwa khofi wowawa wa m'makina,
tikuyang'ana nambala ikuphwa ngati chotupa.
Ndalemba m'buku kuti kabokosiko kakadzagonthanso
kazikuwa, ndipo anzake azifunsa anayi, osati mmodzi.

Panja kudakali mdima womwe uja.
Wotchi ya malemu bambo anga, pamkono panga,
yatsalira ndi mphindi zinayi.
Imeneyo ndiisiya.
Palibe amene amafunsa nthawi kwa iyo, koma ine ndekha.