Phunziro la Lachitatu ku Ndirande

Ndalemba pa bolodi: Umphawi ndi Thanzi.
Choko chathyoka ndisanatseke mzere.

Buku likuti munthu azidya magulu asanu ndi limodzi.
Ndaziona wawerenga mokweza, osaphonya liwu,
m'mimba mwake mukulira pansi pa mawuwo.
Kalasi yaseka. Nayenso waseka.

Ndafunsa, kupinimbira n'kutani?
Bizwick, wa Fomu 2,
amene mapazi ake safika pansi akakhala pa desiki,
wakweza dzanja, wakhoza.
Tamuombera m'manja.

Malo a Asiyatu ali gwa, sabata yachitatu.
Ati ali ku Queens, akudwazika mayi ake,
akugona pakhonde, chitenje chimodzi mphasa ndi chofunda.
Ena ati amuona ku Limbe, beseni la zitumbuwa pamutu.

Ndinakonzeka kuwauza za madzi a mu Nasolo,
za kolera, za utsi wa mbaula
m'chipinda chogona anthu asanu ndi awiri.
Koma iwo ndiwo amatunga madziwo.

Belu lalira.
"Aphunzitsi, zimenezi zibwera pa mayeso?"
Ndati inde.

Ndafufuta bolodi.
Tatuluka tonse kukaima pamzere wa pampopi,
kumwa nkhomaliro.