Wofunsidwa Nambala 14

Aphunzitsi anga, a Valadares,
anazunguliza liwu limodzi ndi inki yofiira
patsamba loyamba la kafukufuku wanga.
Liwulo linali lakuti ine.
M'mphepete analemba kuti:
wofufuza ndi galasi la pazenera,
anthu azionerapo kunja, osati kuona galasilo.

Ndinalichotsa.
Ndinalizula m'masamba makumi asanu ndi atatu
monga mmene mayi ankazulira minga ya nsomba,
chala chimodzi, osayang'anapo n'komwe.

Kenaka ndinakwera sitima ya ku Matosinhos,
m'chikwama muli chojambulira mawu,
mafunso khumi ndi awiri,
ndi fomu yolonjeza kuti dzina la munthu silidzatuluka.

Mayi Deolinda amakhala pamwamba pa shopu yosokera nsapato.
Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi
anathera m'fakitale yolongedza nsomba m'zitini.
Funso lachitatu linali la malipiro.
Iwo anandiuza za sizasi
imene ikabuntha unkanoletsa ndi ndalama yako,
za wenzulo yolira usiku maboti akafika,
za khanda logonekedwa m'bokosi kunsi kwa tebulo,
za mchere wolowa m'ming'alu ya zala mu Januwale
mpaka kulephera kumanga mabatani a mwana wopita kusukulu.

Pafomu yanga panalibe malo olembapo mabatani.

"Ndiye mundilemba kuti ndani?"
Wofunsidwa nambala 14, ndinatero.
Anaseka mpaka kutsamwa ndi khofi.
"Kufakitale ndinali nambala 212.
Ndiye kuti ndakwezedwa."

Atapukuta misozi anayang'ana dzanja langa,
osati nkhope, dzanja.
"Ukugwira cholembera ngati sizasi.
Ndiwe mwana wa Zulmira iwe."

Ndikanakana.
Ndinali nditazolowera.
Kuyunivesite ndinkati mayi anali a zamalonda.
Sindinauzepo munthu za ndimu
amene ndinkatikita m'tsitsi m'mawa uliwonse
kuti anzanga asagwire mphuno ndikamalowa m'kalasi.

"Mayi ako ankakhala kumanzere kwanga.
Pa nthawi yopuma ife tikudya buledi,
iye ankalemba ndi chala pa mchere wotayika patebulo,
Z, kenaka U, n'kufufuta, n'kuyambanso,
kapitawo akamabwera n'kuikapo mbale.
Miyezi isanu.
Ankati sadzadindanso chala pa lipoti lako la sukulu,
mwana angachite manyazi."

Chojambulira chinali chikugwirabe ntchito.
Pali masekondi makumi anayi opanda liwu.
Kumamveka nyundo ya wosoka nsapato pansipo
ndi mbalame za kunyanja zikukanganirana kanthu padenga.
Malamulo a kalembedwe akuti pamenepo ndilembe kuti
anakhala chete pang'ono.
Sakunena kuti ndani.

Siginecha ija ndikuikumbukira.
Z wake ankapendekera ngati akufuna kugwa chagada.
Ndinkabisa lipotilo pakati pa buku la masamu.

Tisanasiyane anaitanitsa fomu ija,
anakhwatcha nambala,
nalemba dzina lawo lonse, mayina anayi,
lilime lili pakona pa mlomo.
"Bodza ndikadabisala nalo.
Koma izi ndi zanga."

Lachiwiri ndinabwerera kwa a Valadares ndi mutu watsopano.
Anawerenga ataimirira, inki yofiira ili m'manja.
Anafunsa ngati nkhani ya munthu mmodzi ndi umboni.
Ndinati malipiro ali m'mabuku a fakitale,
aliyense angathe kukaona,
koma mchere uja unakolopedwa madzulo omwewo
ndipo wotsala amene anauona ndi mmodzi,
ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu, amatsokomola.

Sanavomere. Sanakanenso.
Anati komiti idzavuta,
ndikonzekere kufunsidwa kuti galasi lija lapita kuti.
Anatembenuzanso tsamba loyamba,
nawerenga motsitsa mawu, ngati akulawa mchere:

Ine, mwana wa Zulmira,
ndinaphunzira kuwerenga mayi anga asanaphunzire,
ndipo sindinawafunsepo kuti anaphunzirira kuti.