Mphongo ya Khutu Long'ambika

Anthu a mfuti anapita kale.
Majekete awo owala apachikidwa m'magalaja,
nkhalango ya Wisconsin yatsala ndi ife amakani,
ife a uta, ndi chipale chofika m'mawondo.

Mbawala imene ndikuifuna yaona zisanu zisanu ndi chimodzi.
Khutu lamanzere n'long'ambika.
Mu Novembala inathamangitsa zazikazi mpaka kuiwala kudya,
lero nthiti zake ungaziwerenge uli tsidya lino.
Chikondi chinatha. Yatsala ndi mimba.

Malume anga a Merle ankati:
Disembala usamasake nyama, uzisaka chakudya chake.
Ndiye ndinapita kwa Duane Vosberg
amene makina ake anafera m'munda
n'kusiya mizere khumi ndi iwiri ya chimanga chiliri.
Kumeneko mapazi apanga msewu.
Ndinamanga nsanja mumtengo wa m'malire
tsiku la chimphepo, kuti phokoso langa lipite nacho.

M'mawa sindipitako.
Wopita m'mawa amazipeza zikadali m'munda mumdima
n'kudziulula yekha.
Masana imagona pamtsetse woyang'ana kumwera,
msana kumphepo, maso kuchigwa,
ndipo mphuno yake sinama ngati ya munthu.

Masiku anayi mphepo inkaomba kuchokera kwa ine kupita kwa iyo.
Ndinakhala kunyumba.
Ndinafewetsa uta pang'ono,
ndinkalasa bokosi kuseri kwa khola nditavala zonse,
chifukwa phewa lozizidwa si phewa la mu Seputembala.

Lachisanu wailesi inati kukubwera kuzizira kong'amba mitengo.
Ndinadzera mumtsinje woundana,
poti chipale cha pamtunda chimalira khwa, khwa,
ngati ukutafuna chiwamba m'tchalitchi.
Itakwana thuu koloko ndinali m'mwamba.

Ndevu zinauma. Zala za kumapazi zinanditsanzika.
Khwangwala mmodzi, basi.

Zazikazi ndi zimene zimayamba.
Zisanu ndi zinayi, maso khumi ndi asanu ndi atatu,
ndi nkhalamba ija yokayika chilichonse
imene inaponda pansi kawiri, n'kundiyang'ana,
ine n'kusanduka nthambi
mpaka misozi inaundana m'zikope.

Iyo inabwera kutatsala mphindi zisanu ndi ziwiri za kuwala.
Inaima m'mphepete nthawi yaitali,
ikuwerenga mphepo ngati kalata ya ngongole.
Nyanga imodzi inali itagwa kale.
Mutu unkapendekera uko kwatsala inayo.

Sindinakoke ikuyenda.
Ndinadikira ilowetse mphuno m'makoko,
nkhalamba ija itembenuke.
Uta unalemera ngati chitseko cha nkhokwe ya Duane.
Mapazi makumi awiri ndi atatu.
Kuseri kwa phewa, pamene ubweya umasintha mtundu.

Muvi sunalire.
Michira yoyera inangoti mbee munda wonse,
kenaka zii.

Ndinakhala theka la ola, monga a Merle ankanenera,
ndikunjenjemera, osadziwa ngati n'chisanu.

Duane anabwera ndi thirakitala.
Masiku ena onse ankabwera kudzabalalitsa mbawala
kuti zisandione ndikutsika mumtengo.
Lero tochi yake inatsata madontho ofiira
mpaka pansi pa mkungudza.

Titaitumbula, pamsana panalibe mafuta ngakhale a chikhadabo.
Mano anali atatha, osalala ngati miyala ya mumtsinje.
Duane anati sikanafika Malichi imeneyi.
Mwina n'zoona.
Mwina amangofuna kuti ndigone.

Ndinalowetsa manja m'chifuwa mwake kuti afunde,
ndipo anafunda.
Nthunzi inakwera pakati pa ine ndi nyenyezi.

Nyanga inayo ili penapake pamtsetse paja.
Chipale chikasungunuka ndidzapita kukaifuna,
ngati mbewa sizidzandiyambirira.