Zimene Che Ajusa Anaona M'madzi

Ndinaimika Sienta pansi pa mtengo wa nimu ku M'baluku
nditatsika Chowe mtima uli m'mwamba,
singano ya kutentha itakwera pamene siinafikepo.

Che Ajusa sanathamange.
Anati, "Isiye ipume.
Injini yotentha saitsegula pakamwa, imalavulira kumaso."
Tinakhala pa tayala lakutha
tikusenda mango a boloma ndi mano.

Itazizira, anapotokola chivundikiro ndi kasanza
nachitembenuza ngati ndalama yokayikitsa.
Kunsi kwake kunali phala lofiirira,
tiyi wamkaka wogona m'kapu masiku atatu.
Anaviika chala pakhosi pa ledieta,
chinatuluka chikuterera.
Ananunkhiza. Sanayankhule.
Pamwamba pa madzi pankayandama kautawaleza
kamene sindinakakonde.

Ine n'kuti nditayamba kale kuwerengera:
zaka zinayi ku Joni ndikumweta kapinga m'mayadi a eni,
nyengo zozizira zinayi m'kachisakasa ka malata,
zonsezo zili pa matayala anayiwa.
Gasiketi. Kukapalitsa mutu wa injini ku Limbe.
Fizi ya Rukiya. Ngongole ya kubanki m'khonde
imene mkazi wanga anasainira ndi chala.

"Maliro salira mthenga asanafike," anatero,
akusolola kachitsulo koyezera oyilo.
Anakapukuta, nakabweza, nakasololanso:
wakuda bii, wopanda mkaka,
ndipo ali pomwe ndinamusiya Lachisanu.

"Liza."
Ndinaliza. Iye anawerama pa ledieta yosatseka
ngati womvetsera nkhani ya m'chipinda china.
"Gasiketi ikapsa madzi amayankhula,
amatulutsa thovu ngati munthu womira.
Awa ali duu."
Anapita kumbuyo, natchera chikhatho ku ekizozi:
utsi woyera palibe, fungo la shuga palibe,
timadontho tiwiri chabe, ta masiku onse.

Anamasula mapulagi anayi nawandandalika pa katoni.
Onse akuda mofanana, ngati ana a bambo mmodzi.
"Pulagi yoyera kwambiri ndiyo imakhala ndi mlandu,
ndiye kuti madzi akuisambitsa usiku.
Apa palibe wosamba."

Mpweya unabwerera m'chifuwa mwanga, koma theka.
Oyilo sagwa ngati mvula. Analowera pati?

Che Ajusa anatchula kachitsulo koziziritsa oyilo
kamene kamatha kung'aluka m'kati osaonekera kunja,
anatchula paipi ya giyabokosi,
kenaka analeka kuyang'ana galimoto
nayang'ana ife.
"Amathira madzi m'mawa ndani?"

Swaleyi, mwana wa mlongo wanga, woitanira anthu pa siteji,
anayamba kukanda nthaka ndi chala cha kuphazi.
M'buti munali chigubu chake chachikasu
chimene anatola pa filing'i siteshoni,
chizindikiro cha oyilo chikadali pamimba.
"Ndinatsuka," anatero. "Kamodzi."

Dzanja langa linanyamuka lokha.
Che Ajusa analigwira m'malere
ndi dzanja lake la girisi.
"Mwina n'chigubuchi. Mwina si chigubuchi.
Chitsulo sachiweruza tsiku limodzi,
nanji mwana."

Tinakhuthula madzi onse m'beseni, osataya pansi
chifukwa mbuzi za Abiti Mdoka zimanyambita chilichonse.
Tinatsukuluza katatu mpaka anatuluka oyera,
tinathira obiriwira a m'sitolo,
iye nalemba kamzere ndi msomali pa botolo,
kena pa kachitsulo ka oyilo.
"Pita ku Chiponde, bwera, masiku atatu.
Utawaleza ukabweranso, tidzatsegula mimba.
Ukapanda kubwera, mugulire mnyamatayu chigubu chatsopano."
Analandira ya sopo yokha.

Lero ndi tsiku lachiwiri.
Ndikachoka ku mzikiti kusanache bwino
ndimatsegula boneti, injini ikadali yozizira,
Swaleyi atagwira tochi ya foni patali pang'ono ndi ine.
Timasuzumira tonse m'kabowo kaja
mitu itagundana, osapuma,
kufunafuna mtundu umene sitikufuna kuuona.