Nambala 27

Fomu ya komiti ikufunika pofika Lachisanu.
Dzina: Dr. Faresi Kanyoza.
Mapepala ofalitsidwa: makumi anayi ndi atatu.
Ofufuza ena awatchula kangati:
apa kompyuta yandiwerengera kale,
yati 1,912.
Dzulo inati 1,911.
Wina ku Osaka kapena ku Lagos
wanditchula ndili m'tulo,
mwina dzina langa sangathe n'kulitchula ndi pakamwa.

Magetsi anathima m'mawa kuno ku Avondale.
Batire latsala pang'ono.
Panja maluwa a jakaranda akugwera pa galimoto ya neba
ndipo ine ndikusanja zaka zanga m'mizere,
chatsopano pamwamba, chakale pansi,
monga fomu ikulamulira.

Pepala loyamba, la mitsempha ya mbewa zoyera,
alitchula anthu anayi.
Awiri mwa iwo ndi ine ndemwe.
Ndinalilemba ndili ndi mimba ya Tadala,
ndikusanza pakati pa tebulo lachiwiri ndi lachitatu.
Fomu ilibe malo olembapo zimenezo.

Lachisanu ndi chinayi analibweza kasanu.
Woliunika wina, wosadziwika dzina, analemba kuti
odwala anu achepa,
ngati kuti ndikanapita ku Mbare
kukapempha anthu kuti adwale ambiri.

Koma lakhumi ndi chisanu ndi chiwiri,
limene lanyamula theka la mbiri yanga,
limene anandiitanira kunja
n'kundiombera m'manja m'holo yozizira,
linachokera m'mutu mwa mayi wina
wogulitsa tomato ku Mbare Musika.
Chotupa chake chinali ngati dzira la njiwa,
kuseri kwa diso lamanzere.
Khansa inayamba yamubera mayina a ana ake,
kenako kuwerenga chenji.
Anasaina ndi chala chachikulu,
nandifunsa m'Chishona, ine n'kuyankha m'Chishona changa cha ku Highfield
chimene bambo anga, telala wochokera ku Ntcheu,
anamwalira akuchisekabe.
Anafunsa kuti: kanyama mudulako,
mukakasunga kuti?
Ndinati mufiliza, mayi.
Anaseka nati: ine moyo wonse ndilibe filiji,
lero mutu wanga ndiwo wayamba kulowamo.

Anamwalira mvula isanagwe.
M'pepala ndi Nambala 27.
Lamulo limatero, ndipo lamulolo ndi labwino,
ndimaliphunzitsa chaka chilichonse.
Komabe maselo ake, opakidwa utoto wofiirira,
ali pa chithunzi chachitatu,
ndipo anthu mazana asanu ndi atatu aloza chithunzicho
nati: monga anasonyezera Kanyoza ndi anzake.

Anzakewo ndi ndani?
Sekuru Mhlanga amene anagona mulabotale masiku atatu
akuthira dizilo mujenereta ndi botolo la mafuta ophikira
kuti filiza isafunde,
dzina lake lili m'mawu othokoza, m'zilembo zing'onozing'ono
zimene makina owerengera saziona.
Namwino Rutendo amene anagwira dzanja.
Mbewa zonse zija.

Sindikunyoza nambala.
Nambala inagula maikulosikopu,
inatumiza ophunzira anga awiri kusukulu,
mmodzi anabwerako.
Ndipo mwina kwinakwake dokotala wina
anawerenga tsamba lachisanu ndi chimodzi
nasintha mankhwala a mwana wa munthu.
Sindidzadziwa. Zimenezo siziwerengedwa.

Loweruka lapitali ndinapita kumsika.
Pamalo pake pali mtsikana wamasaya ngati ake,
akusanja tomato anayi anayi, wachisanu pamwamba.
Ndinagula milu itatu yomwe sindinkaifuna.
Anandipatsa chenji chokwanira bwino
nandiwonjezera mmodzi wabasela.

Batire latsala ndi mphindi zisanu ndi imodzi.
Funso lomaliza pa fomu likuti:
fotokozani mwachidule phindu la ntchito yanu.
Kabokosi kake n'kakang'ono.
Ndalemba 1,912,
ndafufuta,
ndalembanso.
Tomato uja ali pawindo, wayamba kufewa.